Khofi wachikasu wosamva feteleza: fukulani mizu muone manematodi

Dandaulo lake limafanana, kaya munda uli ku Chigumula, ku Mpemba kapena kuseri kwa phiri la Ndirande. Mitengo ingapo ya khofi yachita chikasu, masamba akuyoyoka, nthambi zikuuma kuyambira kunsonga, pamene inzake ya mzere womwewo ili bwinobwino. Mwini munda amathira CAN, osasintha. Amawonjezera wina, kenaka n'kupopera mankhwala a kopa poganiza kuti ndi chiwawu, osasinthabe. Mvula ikakhazikika mu Disembala mitengo ija imaphukira pang'ono n'kumupatsa mtima, koma pofika Seputembala yabwerera pomwe paja, ndipo chaka ndi chaka malo odwalawo amanka nakula. Mtengo ukafa, iye n'kubzala wina pa dzenje lomwelo, watsopanoyo amangokhala pomwepo osakula mpaka naye kufa.

Zikamayenda chonchi siyani kaye kugula za m'sitolo, tengani khasu. Chimodzi mwa zinthu zimene zimachita zimenezi ndi manematodi, tinyongolotsi tosaoneka ndi maso tokhala m'nthaka ndi m'kati mwa mizu. Tambiri sitikwana ngakhale milimita imodzi kutalika. Si nyongolotsi zija mumazipeza pofukula manyowa kapena zokolera nsomba ayi. Zimenezo zimathandiza nthaka, musazide.

Yambani mwachotsa zina zofanana nazo

Khofi akavutika ndi china chilichonse amachita chikasu, choncho masamba okha sangakuuzeni mlandu uli ndi yani. Gwadani muyang'ane tsinde kuyambira pansi mpaka m'mawondo. Mukaona khungwa ladyedwa mozungulira, utuchi uli pansi, kapena timabowo tozungulira, imeneyo ndi mbozi yoyera yoboola tsinde, mdani wamkulu wa khofi m'Malawi muno, ndipo nkhani yake ndi ina. Ngati munda munautsegula pamalo pamene panali mitengo n'kusiya zitsa, kandani khungwa ndi mpeni pamene tsinde lakumana ndi dothi. Mukapeza zoyera zoyala pansi pa khungwa zonunkhira bowa, ndi matenda oolesa mizu a Armillaria. Nyerere zikamapanga njira kulowa pansi pa tsinde, fufuzani tizilombo toyera ta mtundu wa kodikodi pa mizu. Palinso chiswe, malo amene madzi amadikha, ndi muzu waukulu umene unapindika pobzala chifukwa mbande inakhalitsa m'chubu.

Musaiwalenso kubereka kopyola muyeso. Khofi wa mtundu wa Catimor, kuphatikizapo Nyika amene ambiri amabzala kuno, amabereka mosadzimvera chisoni, ndipo akasowa chakudya m'chaka chimene wadzaza zipatso nthambi zimauma kuchokera kunsonga. Kusiyana kwake n'kwakuti vuto la njala limagwira munda wonse mofanana ndipo limamva feteleza. La manematodi limagwira malo ndi malo, nthawi zambiri motsata mzere kapena motsetsereka kumene madzi amalowera, ndipo mitengo yake imafota masana ngakhale dothi lili lonyowa.

Kafukulidwe kake

Musafukule mtengo umene unafa kale. Manematodi amadya mizu yamoyo, mtengo ukafa amachepa ndipo chimene mungapezepo ndi zowola basi. Sankhani wa m'mphepete mwa malo odwalawo, umene wayamba chikasu koma ukadali ndi masamba. Sankhaninso wina wathanzi patali, kuti mukhale ndi poyerekezera. Kumbani pansi pa nthambi, pakati pa tsinde ndi pamene nthambi zathera, kuya masentimita 20 mpaka 30, chifukwa m'menemo ndi m'mene muli timizu todyera. Musazule mokoka. Nyamulani chibuma chonse, muchiike m'beseni la madzi, muchigwedeze pang'onopang'ono mpaka dothi litasungunuka, ndiye muyale mizuyo pa mbale yoyera padzuwa.

Mizu ya mtengo wathanzi imakhala ndi timizu tambirimbiri, toyera, tolimba mukatikoka. Ya wodwala imaoneka mwa njira zitatu, ndipo ndi bwino kuzidziwa zonse chifukwa anthu ambiri amangodziwa yoyambayo.

Yoyamba ndi timatuza kapena kuti timfundo pa timizu ting'onoting'ono, makamaka kunsonga, kukula kwake milimita imodzi mpaka isanu. Kandani ndi chikhadabo. Tikakana kuchoka chifukwa ndi muzu womwewo watupa, amenewo ndi manematodi otupitsa mizu a mtundu wa Meloidogyne. Pa nyemba kapena soya pamakhala timibulu tabwino topanga chonde, tija timathothoka mukatikhudza ndipo m'kati mwake n'tofiirira, koma khofi alibe timeneto. Chotupa chilichonse pa muzu wa khofi n'choipa. Dulani kamfundo kamodzi ndi lezala yatsopano, muyandikize kamera ya foni. Mudzaona kadontho koyera konyezimira, kotupa kumbuyo n'kochepa kumutu. Kameneko ndiye nematodi wamkazi, atakhuta. Kunja kwa muzu nthawi zina kumamatirira kachinthu kabulauni, ndiko kathumba ka mazira ake.

Yachiwiri ndi imene imasocheretsa. Mitundu ina ya Meloidogyne, monga incognita ndi paranaensis, siipanga timfundo tooneka bwino pa khofi wamkulu. M'malo mwake mizu ikuluikulu imang'aluka, khungwa lake limakhakhala n'kumasendeka, ndipo timizu todyera timatha pafupifupi tonse. Munthu amene amayembekezera zotupa zangati za pa tomato amaponya muzuwo pansi n'kunena kuti palibe kanthu, chonsecho mitundu imeneyi ndiyo imapha mitengo msanga.

Yachitatu ndi mabala. Timizu timachita mawanga abulauni kapena akuda, kenaka timawola. Tsinani kamuzu ndi zala ziwiri mukoke: khungwa likavuka n'kutsala kaulusi ka m'kati, ganizirani za Pratylenchus, manematodi amene sakhala malo amodzi koma amayenda m'kati mwa muzu akudya, n'kusiya njira yotseguka yoti nkhungu za m'nthaka monga Fusarium zilowerepo. Mtundu wotchedwa Pratylenchus coffeae unayamba kulembedwa mu 1898 pa khofi wa ku Java, koma umadyanso nthochi, zilazi ndi malalanje.

Chifukwa chake feteleza sagwira

Mwana wa nematodi wotupitsa mizu akaswa dzira amasambira m'timadzi ta pakati pa dothi mpaka atapeza nsonga ya muzu. Amaboola ndi kamlomo kake kosongoka, n'kulowa mpaka pafupi ndi mitsempha yonyamula madzi ndi chakudya. Akafika pamenepo sasunthanso. Malovu ake amakakamiza timagawo tingapo ta muzu kutupa n'kusanduka nkhokwe yake, ndipo iye amangoyamwa. Wamkazi mmodzi amaikira mazira mazana angapo, ndipo nthaka ikakhala yofunda m'badwo umodzi umatha pa mwezi umodzi kapena kuposerapo pang'ono. Tomato amakhala m'munda miyezi inayi n'kuzulidwa. Khofi amakhala pomwepo zaka makumi, ndiye kuti chakudya cha manematodi sichidukiza, mibadwo imangosanjikizana.

Muzu wotupa kapena wowola sutha kukoka madzi ndi mchere wa m'nthaka. Kuthira CAN pa mtengo wotero n'kutungira madzi m'dengu. Mvula yoyamba ikabwera feteleza uja amatsikira pansi kapena kudyedwa ndi udzu, mtengo uli chiyang'anire. N'chifukwa chakenso vutoli limaonekera kwambiri mu Seputembala ndi Okutobala. M'miyezi ya chiperoni mtengo wa mizu yochepa umatha kupirira popeza kunja n'kozizira, koma dzuwa likaswa mtengo suthanso kubisa. Dothi la mchenga limaipitsa zinthu kawiri: limauma msanga, komanso manematodi amayendamo mosavuta kuposa m'katondo.

Vutoli si lachilendo pa khofi. Chaka cha 1878, chomwe mbande za khofi zochokera ku Edinburgh zinafika ku Blantyre Mission, n'chomwenso katswiri wa ku France dzina lake Jobert anapeza zotupa pa mizu ya khofi amene ankafa m'chigawo cha Rio de Janeiro ku Brazil. Mu 1887 Emil Göldi anafufuza bwino nkhaniyo n'kutcha kachilomboko Meloidogyne exigua. Kuno ku Africa kuli mitundu yathuyathu, monga Meloidogyne africana imene inapezeka pa khofi ku Kenya ndi decalineata ya ku Tanzania. Mayinawa sindikuwatchula kuti muwaloweze. Mfundo ndi yakuti mitundu ndi yambiri, ndipo mbewu imene imapha wina mwa njala imatha kunenepetsa mnzake, choncho kudziwa amene muli naye kumasintha zochita.

Kutsimikiza

Pali kuyesa kwa pakhomo kumene sikufuna ndalama. Tengani dothi pansi pa mitengo yodwala mudzaze zitini kapena machubu asanu, ndipo ena asanu mudzaze dothi lomwelo koma lowiritsa kapena lotentha bwino. Fesanimo tomato wa Moneymaker. Musagwiritse Tengeru 97, ameneyo anapangidwa kuti azipirira manematodi otupitsa mizu ndipo adzakunamizani kuti dothi lili bwino. Pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi khuthulani, mutsuke mizu. Ngati ya m'dothi losawiritsa yadzaza mfundo, Meloidogyne alimo. Kuyesaku kuli ndi malire ake. Sikuonetsa Pratylenchus, ndipo si mtundu uliwonse wa pa tomato umene umakonda khofi. Koma pofuna kudziwa ngati dothi n'loyenera kulowa mu nazale, kapena ngati malo amene munagoneka ayera, n'kothandiza kwambiri.

Dzina lenileni la mtundu limadziwika ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ife a ku Blantyre tili ndi mwayi kuti malo a kafukufuku wa zaulimi a Bvumbwe ali pafupi, pamsewu wa ku Thyolo mukangopitirira Chigumula, ndipo nkhani za matenda ndi tizilombo ta mbewu ndi ntchito yawo. Kambiranani ndi alangizi a m'dera lanu akuuzeni tsiku loyenera kupititsa. Chimene chimalakwika kawirikawiri ndi katengedwe. Tengani m'nyengo imene dothi lili lonyowa, makamaka pakati pa Januwale ndi Epulo. Tapani pang'onopang'ono pansi pa mitengo khumi kapena kuposerapo ya m'mphepete mwa malo odwala, musakanize m'ndowa yoyera, mutengepo pafupifupi kilogalamu imodzi pamodzi ndi timizu todzaza dzanja. Za ku mitengo yathanzi zikhale m'jumbo yakeyake. Mangani, lembani dzina la munda, mtundu wa khofi, zaka zake ndi mbewu zimene zinalipo kale. Jumboyo isagone padzuwa kapena pafupi ndi injini ya minibasi. Manematodi akafa ndi kutentha satuluka poyeza, ndipo mudzabwera ndi pepala lonena kuti dothi lanu lilibe vuto.

Anabwera bwanji

Paokha manematodi sayenda mtunda wopitirira mita imodzi pachaka. Amene amawayendetsa ndife, ndipo khomo lalikulu ndi nazale.

Mukaima pamsewu pogulitsa mbande, funsani funso limodzi ili: "Achimwene, dothi la m'machubumu mwalitenga kuti?" Yankho limene mudzalimve kawirikawiri ndi lakuti, "Kudimba, bwana, n'lachonde kwabasi." Akunena zoona, n'lachonde. Koma dimba limene lakhala likulimidwa tomato, therere, mabiringanya ndi maungu chaka ndi chaka ndiye kwawo kwa manematodi otupitsa mizu. Mbande ya m'dothi limenelo imatha kuoneka yobiriwira chifukwa ikuthiriridwa m'mawa ndi madzulo, n'kudzayamba kuvutika ikakhala m'munda chaka chimodzi kapena ziwiri, nthawi imene simungaganizenso za amene anakugulitsani. Gulani mbande ziwiri kapena zitatu kaye, muzing'ambe machubu pomwepo, mutsuke mizu. Wogulitsa akakana kuti muone mizu ya mbande imene mwalipira kale, pitirirani.

Khomo lachiwiri ndi mbiri ya malowo. Munda umene munali fodya, tomato kapena khofi wakale amene anafa mosadziwika bwino ndi wokayikitsa. Lachitatu ndi ana a nthochi. Ambiri timabzala nthochi m'khofi kuti zipereke mthunzi ndi masamba ophimbira, ndipo n'zabwino, koma mwana wa nthochi wopemphedwa kwa aneba amabwera ndi dothi ndi mizu yake yonse. Musendeni mizu yonse ndi khungu la kunja la chitsa mpaka patsale poyera popanda mawanga akuda, kenaka mumuviike m'madzi owira kwa masekondi 30 musanabzale. Kenaka pali madzi othamanga. Minda yambiri ya kuno ili m'mapiri, ndipo dothi lochoka kumtunda limatsika ndi mazira. Pali khasu, nsapato ndi mawilo a wilibala. Ngati muli ndi aganyu, auzeni ayambire kumene kuli kwabwino n'kumalizira kodwala, ndipo makasu atsukidwe asanalowe kwina.

Pali china chimene chimadabwitsa anthu okonda mitengo ya chonde. Jerejere ndi ombwe amakonza nthaka ndithu, koma mizu yawo imasunga ndi kuchulukitsa manematodi otupitsa mizu. M'munda wa chimanga zimenezo sizivuta kwenikweni. Pamalo pamene mukufuna kudzabzala khofi, kapena pafupi ndi nazale, ine sindingawaike. Chimodzimodzi ndiwo zomera zokha zimene amayi amakonda kuzisiya popalira: bonongwe, mnadzi ndi mwamunaaligone, zonsezi manematodi amadya. M'malo odwala zizulidwe.

Mitengo imene ikadali ndi mphamvu

Kunena mosapita m'mbali, palibe chimene chingachotseretu manematodi pa mtengo umene wagwidwa kale. Chimene mungathe n'kuuthandiza kupanga mizu yatsopano mwachangu kuposa m'mene ikudyedwera, ndi kuchulukitsa adani a manematodi m'nthaka. Mitengo yambiri yogwidwa pang'ono imabereka bwino zaka zambiri ikasamalidwa motere.

Chachikulu ndi manyowa owola bwino, ndowa imodzi pa mtengo chaka chilichonse mvula isanayambe, owazidwa pansi pa nthambi osati kuunjikidwa pa tsinde. Kuno zitosi za nkhuku sizisowa chifukwa cha makola ambiri ozungulira mzinda, ndipo pa nkhani ya manematodi zimaposa ndowe za ng'ombe, popeza zikamawola zimatulutsa mpweya wa amoniya umene umawapweteka. Zisakhale zaziwisi, zimawotcha mizu yomwe mukufuna kupulumutsayo. Makoko a khofi owoletsedwa bwino nawonso ndi abwino. M'dothi la manyowa mumachuluka nkhungu ndi tizilombo tina timene timadya mazira ndi ana a manematodi, ndipo chinyezi chimakhalitsa.

Pamwamba pa manyowa phimbirani ndi udzu wouma, mapesi kapena masamba a nthochi, kukhuthala masentimita 10, kusiya mpata wa chikhatho kuzungulira tsinde poopa chiswe ndi kuwola. Musalime mozama pansi pa khofi, khasu limadula timizu totsalato. Feteleza muzithira pang'onopang'ono katatu kapena kanayi m'nyengo ya mvula m'malo mothira wambiri kamodzi, chifukwa mizu yochepa imamwa zochepa pa nthawi. Ngati dothi layezedwa n'kupezeka la asidi wambiri, laimu amathandiza mizu kukula. Amene ali ndi madzi athirire mu Seputembala ndi Okutobala.

Chovuta kuvomera ndi ichi: mtengo wofooka ukadzaza zipatso, thotholaniko zina zikadali zazing'ono. Mtima umawawa, koma khofi amapereka chakudya ku zipatso poyamba, mizu pambuyo, ndiye mukausiya ubereke zonse mudzakolola nyemba zopepuka zoyandama pa madzi chaka chino, chaka chamawa mudzakolola nkhuni.

Maluwa a marigold amathandiza, koma osati m'mene anthu amaganizira. Kubzala awiri atatu m'mphepete mwa munda n'kukongoletsa chabe. Amagwira ntchito akabzalidwa mothinana n'kukhala pamalopo miyezi iwiri kapena itatu mizu yawo itadzaza dothi, choncho malo awo enieni ndi pakati pa mizere ya khofi wamng'ono kapena pamalo ogonekedwa.

Za mankhwala

Funso limabwera nthawi zonse ndi lakuti, kodi palibe mankhwala ongothira? Alipo, koma amangochepetsa manematodi kwa miyezi ingapo, kenaka amachulukanso kuchokera ku mazira ndi kwa amene anabisala m'kati mwa mizu. Pa mitengo imene mizu yake inatha kale ndi ndalama zotaya. Akale aja, Temik amene timamutcha tameki ndi Furadan, ndi poizoni woopsa kwa anthu, nkhuku, agalu ndi mbalame, ndipo maiko ambiri anawaletsa. Amalowa m'mbewu yonse komanso amatsikira m'madzi a pansi. M'minda yathu momwe pakati pa khofi pali nthochi, nkhwani ndi chitsime chapafupi, timapepala ta ufa wakuda togulitsidwa pamsika tisayandikire n'komwe. Methyl bromide, amene ankafukizira nazale za fodya, anathetsedwa potsata pangano la Montreal loteteza mlengalenga.

Kuli mankhwala atsopano ocheperako ukali monga a fluopyram, komanso ena opangidwa kuchokera ku nkhungu zodya mazira a manematodi. Mukafuna kuyesa, gulani m'sitolo yovomerezeka, onani kuti ali m'botolo lake lenileni ndipo analembetsedwa ku Pesticides Control Board, werengani ngati khofi watchulidwa pa chizindikiro, ndipo tsatani masiku oyenera kudikira musanathyole. Amagwira bwino dothi likakhala lonyowa kumayambiriro kwa mvula, nthawi imene mizu yatsopano ikutuluka. Maganizo anga ndi akuti ndalama zomwezo zikapita ku manyowa ndi ku nazale yoyera zimabweza zambiri.

Nazale

Apa ndiye pamene pali mphamvu yanu yonse, popeza dothi lodzaza machubu chikwi mungathe kuliyeretsa, pamene la ekala simungathe. Dothi litengedwe pamalo amene sipanalimidwe ndiwo zamasamba, fodya, nthochi kapena khofi. Ngakhale litero, liphikeni. Njira ya mgolo ndi yosavuta: ikani njerwa ndi chitsulo chobowola pansi pa mgolo, thirani madzi osafika pa chitsulocho, yalani chiguduli, dzazani dothi lonyowa pang'ono, vundikirani, sonkhani moto. Kutentha kwa madigiri 60 kwa mphindi 30 kumapha manematodi ndi mazira omwe. Ngati mulibe choyezera, kwirirani mbatatesi imodzi pakati pa dothilo. Ikapsa, dothi lapsanso. Lisiyeni lizizire masiku angapo pa pepala la pulasitiki loyera, osati pansi.

Njira ina ndi ya dzuwa, ndipo Seputembala mpaka kumayambiriro kwa Novembala ndiyo nthawi yake. Yalani dothi losapitirira masentimita 15 kukhuthala, linyowetseni, phimbani ndi pulasitiki yoonekera mkati, osati yakuda, n'kukwirira m'mphepete monse kuti mpweya usatuluke. Lisiyeni masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. M'miyezi yozizira musavutike, silitentha mokwanira.

Mukayeretsa dothi musalidetsenso. Machubu asakhale pa dothi lenileni, chifukwa mizu imatulukira pansi n'kukatenga manematodi. Akhale pa thandala, pa miyala kapena pa pulasitiki. Madzi a m'ngalande yodutsa m'madimba a anthu ena amabwera ndi mazira, choncho a pa mpopi, pa mjigo kapena a mvula ndiwo abwino. Mchenga wofesera nawo uphikidwe. Ndipo musanapite nazo kumunda, ng'ambani machubu angapo mwa apo ndi apo muone mizu, monga mukanachitira ndi mbande zogula.

Maiko amene vutoli linawakulira anapeza njira ina, kumezanitsa. Ku Guatemala kuyambira m'ma 1960 alimi amadula mbande ya Arabica, gulu la khofi limene Catimor alimo, ikangomera, masamba oyamba asanatambasuke, n'kuilumikiza pa tsinde la mbande ya khofi wa mtundu wina wotchedwa Robusta, amene mizu yake ndi yambiri komanso yopirira. Ku Central America anasankha Robusta wotchedwa Nemaya pa ntchito imeneyi, ku Brazil ali ndi Apoatã. Zipatso zimakhalabe za Arabica. Si Robusta aliyense amene amapirira, ndipo mizu ya Robusta siikonda malo ozizira kwambiri a pamwamba pa mapiri, koma Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000, pomwe si pozizira chotero. Amene amadziwa kumezanitsa mango kapena mapeyala sangavutike kuphunzira, kungoti tsinde la mbande ya khofi n'lochepa kwambiri ndipo limafuna dzanja losanjenjemera. Mbewu yochokera kunja imafuna chilolezo cha boma, ndiye nkhaniyi iyambire kwa alangizi kapena a kafukufuku. Catimor musamudalire pa manematodi. Anapangidwa kuti azipirira chiwawu, ndipo ngakhale mizere ina ya mtunduwu imapirira exigua, ku mitundu ina ya manematodi imagwa ngati khofi wina aliyense.

Mitengo imene yatheratu

Mtengo umene watsala ndi nthambi zochepa zamoyo, umene mukaugwedeza ukusuntha chifukwa mizu inatha, uzuleni. Kudula tsinde kuti uphukire sikuthandiza pamene mizu palibe. Zulani m'chilimwe, mukumbe mizu yonse imene mungathe, muiwotchere pomwepo osaikoka kudutsa m'munda. Yang'ananinso mizu ya mitengo yoyandikana nayo mbali zonse, chifukwa manematodi amakhala atafika kale kumene chikasu sichinaoneke. Kumtunda ndi kumunsi kwa malowo kumbani ngalande kapena bzalani mzere wa vetiva kuti madzi asamatenge dothi kupita nalo kwabwino. Tembenuzani dothi kawiri kapena katatu mu Okutobala kuti dzuwa liwotche mazira.

Musabzalepo khofi msanga. Malowo agone chaka chathunthu, ziwiri ngati vuto linali lalikulu, ali ndi mbewu imene manematodi anu sadya, ndipo apa ndi pamene pepala la ku Bvumbwe limagwira ntchito. Ngati ndi otupitsa mizu, kalongonda, marigold wothinana kapena udzu wa Rhodes wa mtundu wa Katambora amawachepetsa. Alimi a fodya akhala akudalira udzu umenewu pa kasinthasintha kwa zaka zambiri. Mtedza umathandiza pa incognita, koma ngati muli ndi Pratylenchus, mtedza ndi chimanga zimatha kumusunga, choncho marigold ndiye wodalirika. Chilichonse chimene mwabzala, palirani. Bonongwe ochepa otsala pakati pa udzu ndi okwanira kusunga mbewu ya manematodi mpaka khofi atabwerera.

Nthawi ikakwana bwerezani kuyesa kwa tomato kuja. Mizu ikatuluka yoyera, kumbani maenje a masentimita 60 mbali zonse, mudzaze ndi dothi lapamwamba losakaniza ndi manyowa owola, mubzale mbande zochokera mu nazale yoyera, zomezanitsa ngati mwazipeza, ndipo muphimbire tsiku lomwelo. Mu Malichi wa chaka chotsatira fukulani m'mbali mwa mbande zingapo muone timizu. Mukapezanso mfundo kapena mabala, malo amenewo asiyeni pa khofi wosamezanitsa. Udzu wa Rhodes ukhalepo ndithu, muzimweta n'kuumitsa. Alimi a ng'ombe zamkaka a ku Chigumula ndi Bvumbwe amausowa chilimwe chilichonse, ndipo wotsala mudzaphimbira nawo khofi wa mbali imene ili bwino.